Tsiku Limene Chisanu Chinandivula Pamaso pa Apongozi

Wofuna kuseka asekeretu panopa ndisanayambe, chifukwa ndikafika pakati sindifuna kuona mano a munthu. Ndikudziwa zimene mumanena inu a kuno ku Cuamba, inu otuluka thukuta ngakhale mu Juni. Mumati Che Bwanali wakalamba, tsopano akugulitsa mabodza pamodzi ndi malaya. Chabwino. Koma ndani mwa inu anakwerapo mapiri a ku Ngauma nyengo yachisanu, wapansi, m'mbali mwa mtsinje wa Namasoko? Palibe. Ndiye khalani pamabelopo mumve, koma osati la madiresilo, sindinalitsegule. Ndikulumbira pali manda a bambo anga kuti zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso awiriwa, ndipo sindikuzinena monyada. Nkhani imeneyi imandiwawa ngati dzino.

Nthawi imeneyo ndinali ndi benchi pamsika wa Mandimba, ndikugulitsa kalamidade, zovala zimene anzathu a kutsidya kwa malire amati kaunjika. Sukulu ndinkangoiona padenga podutsa, koma kunenerera mtengo ndinakuphunzira ndili kumsana kwa amayi. Ndinagulitsapo nsapato ziwiri za phazi lamanzere kwa munthu mmodzi, iye n'kubweranso sabata yotsatira kudzathokoza kuti zamuwongola kayendedwe. Matenda anga anali amodzi, ndipo mpaka lero sanathe: munthu akayang'ana chinthu changa kawiri, m'manja mwanga mumayamba kuyabwa.

Chaka chimenecho chisanu chinabwera msanga, magombeza n'kutha pamsika wonse. Tsiku lina munthu anaima pabenchi langa akunjenjemera, nati ali ndi ndalama koma alibe chofunda. Ine ndinamuuza kuti adikire pomwepo, ndinathamangira kunyumba, n'kutenga gombeza limene tinkafunda ine ndi mkazi wanga Rozina, lofiira la mizere yakuda, limene amayi ake anampatsa tsiku lomwe ankachoka kwawo kudzakhala nane, ndipo ndinaligulitsa likadali ndi fungo la tulo tathu. Rozina sanakalipe. Anayang'ana pamphasa, anayang'ana ine, kenako n'kupitiriza kusesa. M'mawa mwake anakwera shapa, kaminibasi kaja, kubwerera kwa amayi ake, kumudzi wa kumtunda kwa Itepela, ndipo anasiya mawu kwa mayi woyandikana nafe nyumba: "Mukawauze kuti ndachoka asanandigulitse nanenso. Akandifuna abweretse gombeza lomwelo, osati lina, aliike okha pakhomo pa amayi mwezi uno usanathe. Akalephera akwatire benchi lawo."

Ndinamufunafuna munthu uja masiku asanu ndi anayi. Ndinamupeza, ndinaliwombola gombezalo, ndipo mtengo wake ndidzapita nawo kumanda osautchula. Mwezi unali utatsala tsiku limodzi.

Tsono tamverani pamene panayambira uchitsiru. Msewu wopita kwa apongozi umadutsa pamsika wa Itepela, pamene aliyense wogulitsa tomato ankandidziwa, ndipo ine sindinafune kuti andione nditasenza gombeza kukapepesa mkazi. Choncho ndinatsika shapa kutangocha, tisanafike pamsikapo, n'kunena kuti ndidzera kumtsinje wa Namasoko, umene umatsika m'phiri kuchokera kumudzi komweko. Ndinali nditavala kazako wa m'belo, jekete lija lotupa ngati mkate, la nthenga mkati. M'thumba mwake mwini wake wakale anaiwalamo chithunzi cha azungu awiri akuyenda ndi ndodo m'mbali mwa kamtsinje, dziko lonse lili mbee ngati athiramo ufa. Ndinafunsapo mphunzitsi wina, nati Apwitikizi amati neve, a m'tchalitchi amati chipale chofewa, ndipo kuno sichigwa. Sichigwa. Mphunzitsi ameneyo anali asanapite ku Namasoko.

Kumunsi kwa mtsinjewo ndinapeza mlimi wa fodya, dzina lake Akilino, atakhala pakhomo pa chigafa chake atafunda saka. Anayang'ana gombeza kamodzi. Anayang'ananso kachiwiri.

"Bambo, gombezali likupita kuti m'mawa uno?"

"Kwa apongozi."

"Kwa apongozi ndi gombeza lakale? Kwathu kuno anthu aulemu amapita ndi mbuzi."

Analoza ndi mlomo. Inali mbuzi yaikazi, yonenepa, ya bere, kutanthauza kuti mbuzi ziwiri pamtengo wa imodzi. Mukumva? M'manja munayamba kuyabwa. Ndinadziuza kuti palibe mayi padziko lino amene angayang'ane mbuzi ya bere n'kufunsa za gombeza long'ambika m'mphepete, ndipo kuti Rozina ananena mawu ajawa atakwiya, ndipo kuti mawu a munthu wokwiya ali ngati mtengo woyamba wa malonda, amatsika. Tinasinthana. Posakhalitsa Akilino anayang'ananso kazako wanga kawiri, ndipo poti munthu wokwera phiri amatentha yekha, ndinamupatsa, iye n'kundipatsa tambala wofiira wa lipombo lalikulu. Ndinanyamuka ndi shati yokha, chingwe cha mbuzi kudzanja ili, tambala m'khwapa umu, ndikumumvera chisoni Akilino kuti sadziwa malonda.

Nditangopota pakhonde loyamba la phiri, kumwamba kunatseguka. Chipale chija chinayamba kugwa ngati nthenga za nkhuku yosololedwa, kenako ngati thonje pa sikelo, kenako ngati munthu akukhuthula chigayo chonse pamutu panga, ndipo ndisanawerenge mapazi makumi awiri chinali chafika m'mawondo, ndisanatukwane chinali m'chiuno, moti mbuzi ndinkangoidziwa ndi nyanga ziwiri zimene zinkayenda patsogolo panga ngati ndodo za ng'oma, ndipo mitengo ya masuku imene ndinkaidziwa kuti ndi yaitali kuposa nyumba ndinkaiponda kunsonga ngati udzu. Dzuwa linasuzumira pamwamba pa phiri, linaona mmene zinthu zinalili, n'kubwerera kukafuna chovala. Mtsinje unali utauma gwa ngati galasi la sitolo, nsomba zili mkatimo zitayalidwa mizeremizere, kungosowa kapepala ka mtengo, ndipo chule wina chisanu chinamupeza akudumpha, mutu uli m'madzi, miyendo ili m'mwamba, ndipo ndinapachikapo tambala kanthawi kuti ndipumitse mkono. Mukumva?

Mano anga anayamba kugundana. Sindikunena kugundana kumene mumachita inu mukamwa madzi a mufiriji ayi. Anagundana mwakuti phokoso lake linawoloka mapiri awiri n'kukafika ku mishoni ya Massangulo, akhristu n'kumayesa belu, n'kusiya makasu, n'kudzaza tchalitchi tsiku Lachiwiri, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti wansembe, poona anthu abwera kale, anangochita misa kuti asawabweze chabe. Msilamu ine, kuitanira anthu ku misa ndi nsagwada zanga. Pamenepo anyani anatsika m'matanthwe, banja lonse, wamkulu wawo atanyamula chimanga chakuba, n'kuyamba kukoka shati yanga uku akundionetsa zala zitatu, ine n'kumuonetsa zisanu, iye n'kuwonjezera dzungu, ndipo kunena zoona tikanagwirizana, koma zala zanga zinauma zili zisanu zomwezo, zinakana kutsika, nyani n'kuona ngati ndine wouma mtima, n'kuchoka akung'ung'udza. Ndiwo malonda okha amene ndinaphonya chaka chimenecho.

Kumtunda pang'ono, pamene mtsinje umagwera pamathithi, madzi anali ataima chilili ngati chitseko, ndipo pansi pake panakhala kambuku. Ndinati basi, Rozina wakhala wamasiye asanandikhululukire. Koma chilombocho chinangondiyang'ana ndi maso opempha, chikunjenjemera, ndipo chinanjenjemera kwambiri mpaka mawanga ake anayamba kuthothoka limodzilimodzi n'kumagwera pachipale ngati nyemba zakuda, chokha n'kutsala chachikasu ngati galu wa kumudzi, n'kuchita manyazi, n'kulowa kuphanga chamchira. Ndinatola mawangawo kudzaza thumba la thalauza, ndikuganiza kuti ndikawagulitsa kwa atelala ngati mabatani. Mathithiwo ndinawakwera ngati makwerero, mbuzi ili pamapewa, tambala ndamuluma phiko ndi mano. Pamwamba ndinayesa kukambirana ndi chisanu chenichenicho. Ndinati, mayi, tenganitu makutu, koma mundisiyire zala, ndi zogwirira ntchito. Sichinatsitse. Ndakumana ndi amwenye a masitolo, ndakumana ndi asilikali a pamalire, koma wamalonda wosamva ngati chisanu cha ku Ngauma sindinamuonepo.

Tsopano ndafika pamene mawu amandilemera. Musandiyang'ane kwambiri.

Pafupi ndi mudzi pali dziwe, ndipo pamenepo m'pofunika kuwoloka. Ndinaponda pagalasi paja, tambala anakupiza mapiko, mbuzi inakoka chingwe, galasi n'kusweka, ine chubwi mpaka m'khosi. Nditatuluka, zovala zinauma pathupi ngati malata, ndipo ndinaona kuti ndikapanda kuzivula zindicheka. Ndinavula zonse. Ndinaimika thalauza pamwala, linaima lokha ngati lili ndi mwini wake mkati, shati pambali pake, ine n'kuyamba kuthamangitsa tambala amene anali atawuluka. Tambala sindinamugwire. Pobwerera ndinapeza mbuzi, imene inali isanaone udzu chiyambire m'mawa, ikumaliza mwendo wachiwiri wa thalauza, ikukukuta ngati chinangwa chouma, shati itapita kale, mawanga a kambuku n'kupita nawo limodzi. Nkuona sindingakuonetseni. Inandisiyira lamba ndi nsapato basi.

Ndinakhala kuseri kwa mwala ndi lamba wanga, ndipo pamenepo ndi pamene ndinazindikira miyala yochapira, ndi zigoba za sopo, ndi kanjira kotsika kuchokera kumudzi. Ndinali padooko la amayi, pamalo pamene mwamuna sadutsa asanafuule odi ali patali. Ndipo m'kanjiramo munamveka kutsokomola.

Inu nonse mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Mukakumana panjira wina amapatukira patchire, mukafuna kulankhulana mawu amadzera mwa munthu wina. Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati, nkhope ya amayi ake a Rozina ndinali ndisanaionetsetse. Ndinkadziwa zidendene zawo ndi kutsokomola kwawo basi. Ndipo kutsokomola kumene kunkatsika m'kanjirako kunali komweko.

Mwala unali waung'ono. Ndakhala ndikuukulitsa m'maganizo zaka zonsezi koma sukula. Anafika, ndowa inagunda pansi, kenako ndinamva mapazi akutembenuka. Anandipatsa msana. Panalibe munthu woti mawu adzeremo, choncho anagwira chingwe cha mbuzi.

"Iwe mbuzi, ndiwe wa yani? Nkhope yako ikuoneka ya ku Mandimba."

Nanenso ndinayankhira mwa mbuzi yomweyo. "Mbuzi, uwauze amayi kuti ndawapatsa moni, ndipo kuti iweyo ndiwe mphatso yawo. Uwauzenso kuti uli ndi bere."

"Mbuzi, uwauze akamwini anga kuti zikomo. Uwauze kuti mwana wanga safunda mbuzi. Uwafunse gombeza lili kuti."

"Uwauze kuti lili pafupi. Lasungidwa kwa munthu wokhulupirika."

"Uwafunse ngati thalauza nalonso lasungidwa komweko."

 Mbuzi inabzikula, batani la shati yanga n'kugwa pansi.

Ndiye ndinamva nsalu ikumasulidwa. Nthawi yachisanu amayi amavala kapulana ziwiri, zitenje za m'chiuno zija, ndipo iwo anamasula yapamwamba n'kuiponya chakumbuyo, osacheuka, n'kudzagwera pamutu panga penipeni ngati anachita kuyeza. Inali yobiriwira ya maluwa achikasu, ikununkha utsi ndi mafuta a nsatsi.

"Mbuzi, uwauze avale msanga, atsikana akubwera kudzatunga. Nsaluyo asabweze, yakhudza mkamwini, sindingaivalenso. Gombeza lifike pakhomo panga dzuwa lisanalowe, mwezi ukutha lero."

Apa ndi pamene ndimafuna nthaka itang'ambika. Kugwa m'madzi si manyazi, aliyense amagwa. Kuonedwa ndi apongozi ndi tsoka, ndipo tsoka silisankha. Koma ine, ndili chimodzimodzi mmene ndinabadwira, nsalu ya mayi wa mkazi wanga ili pamutu, ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Mbuzi, uwafunse ngati sangalandire iweyo lero, ndi tambala akapezeka, gombeza n'kubwera sabata yamawa." Ndinanenerera. Mukumva? Mayi wandiveka ndi nsalu ya m'chiuno mwake, ine n'kumupempha kuti atsitse.

 Apongozi anatunga madzi chammbali, anasenza ndowa, ndipo pochoka anangouza mbuzi kuti, "Pita nawo. Iwe sunalakwe."

Ndinatsika mtsinje wonse uja ndili mu kapulana. Akilino ndinamupeza pakhomo pa chigafa, atavala kazako wanga, atafunda gombeza la mkazi wanga, akusankha fodya. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pansapato anayang'anapo kawiri. Ine pofuna kuti asafunse za nsaluyo ndinayamba kumufotokozera za chipale, ndi za chule, ndi za kambuku. Anamvetsera zonse mwaulemu, osasiya kusankha fodya. Nditamaliza anapisa m'thumba la kazako, natulutsa chithunzi chija cha azungu awiri.

"Bambo, chipale chanu chija ndi ichi. Munachiiwala m'thumba."

Gombeza analibweza posinthana ndi mbuzi yake ndiponso nsapato zanga. Kazako anati akambirana nane tambala akadzabwera. Sindinanenerere. Ndinatsegula pakamwa, koma nsalu ija inandikumbutsa ndi fungo lake, n'kutsekanso.

Ndinakweranso phirilo osavala nsapato, gombeza lili pamutu, ndipo ndinalowa m'mudzi dzuwa likupendeka, anthu onse ali panja. Ine amene ndinazemba msika wa Itepela kuti asandione ndi gombeza, mudzi wathunthu unandiona ndi gombeza ndiponso kapulana ya apongozi, ndipo panalibe mmodzi wosaidziwa nsaluyo, poti ankapita nayo kutchalitchi. Palibe anaseka mokweza. Bola akanaseka. Amuna ankangoyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, amayi n'kumaluma m'mphepete mwa nsalu zawo. Ndinagwada pakhomo, ndinaika gombeza pansi. Apongozi anali mkati, anatsokomola kamodzi.

Rozina anatuluka. Anatenga gombezalo, analitambasula, anafufuza pamene anasokapo yekha, analinunkhiza.

"Likununkha fodya. Lapitanso pamsika?"

"Linangopuma panjira."

 Anawerama, anamasula mfundo imene ndinamanga pamimba ngati ya thumba la chimanga, n'kundimangira bwino m'chiuno, chammbali.

"Ngati mwaganiza zovala za amayi, muzivala mwaulemu," anatero.

Tinabwerera limodzi ku Mandimba patapita masiku awiri, ine nditabwereka kabudula wa mlamu wanga. Rozina ndi uja mumamuona akundibweretsera tiyi masana. Gombezalo lilipo, latha ngati ukonde, ndipo pamwamba pake iye amayalapo kapulana yobiriwira ija chaka chilichonse chisanu chikayamba.

Tsono inu mukufuna kudziwa za chipale. Ndakuonani mukugwirana zigongono. Akilino akadali moyo, ndipo mukapita kukamufunsa adzakuuzani kuti m'mawa umenewo udzu unangoyera pang'ono ndi chisanu monga umachitira chaka chilichonse kumeneko, n'kusungunuka dzuwa litangotuluka, kuti dziwe lija limalekeza m'mawondo, kuti kambuku womaliza ku Namasoko anamuona agogo ake, ndipo kuti thalauza langa analitola iye kumunsi litabwera ndi madzi, poti ndinaliyanika pamwala woterera. Munthu ameneyo ndi wabodza, koma pa izi zokha sindimutsutsa. Manda a bambo anga andikhululukire, nawonso anali amalonda, akudziwa kuti katundu woipa amafunika chokutira chabwino. Munthu amene wavulidwa ndi chipale anthu amamumvera chisoni. Koma amene anadzivula yekha, chovala chimodzichimodzi, uku akusangalala kuti wadyera mnzake, ameneyo mumutcha chiyani? Chipale ndinathiramo ine, ndipo chaka chilichonse ndimawonjezera pang'ono, chifukwa manyazi ake sakukwiririka.

Apongozi anamwalira osatchulapo nkhaniyi kwa munthu, ndipo nkhope yawo ndinaiona koyamba bwinobwino tsiku la maliro. Chiyambire tsiku la ku Namasoko ndagulitsa njinga yanga, wailesi, chitseko cha bafa, ngakhale mpando umene mlendo anali atakhalira. Kapulana ija yokha sinafikepo pabenchi. Iwe amene ukumwetulirawe, ndakuona, ukufuna kufunsa kuti ndingaigulitse zingati. Usandifunse, mwanawe. Ndingatchule.